Nambala Yaikulu ya a Chotsala

Inu, tasunthirani kuno, basiyo sikubwera msanga, ndikuuzeni za a Chotsala. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, linalembedwa pa khadi la penshoni, koma zaka makumi atatu zimene anaphunzitsa masamu palibe mwana amene analitchulapo. Mwana akagawa nambala pa bolodi n'kutembenuka kuti amuwombere m'manja, iwo ankangokweza chala n'kufunsa kuti, "Nanga chotsala?" Dzina linamera pamenepo. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana lomwelo.

Atapuma ntchito, a Chotsala anagula bokosi lachitsulo, lija lotsekula podina mabatani a manambala. Chuma choti abise analibe. Zimene ankafuna kusunga ndi mapepala a banja lonse: makalata obadwira, kalata ya ukwati, ndi masatifiketi onse a mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene aliyense amangomutcha Mzime. Bokosilo analimangirira okha pansi m'kati mwa wadiropu ndi mabawuti anayi olowa mpaka mu simenti, mitu ya mabawutiyo ili m'kati mwa bokosi, kuti wakuba akafuna kulinyamula ayambe wanyamula nyumba. Kabuku ka malangizo anangokayang'ana pachikuto n'kukataya. Anati timabuku totere amalembera anthu amene sukulu inawakana.

Bokosi linkafuna nambala ya timanambala sikisi. Munthu wina akanaika tsiku lake lobadwa n'kupita kukamwa madzi. A Chotsala anatha masiku atatu akusankha, pensulo ili kukhutu, chakudya chikuzizira patebulo. Tsiku lachitatu anadzitsekera kuchipinda, anadina nambala yawo, anatseka chitseko cha bokosi, n'kutuluka akumwetulira ngati munthu amene wakwatitsa mwana kubanja labwino.

"Muilembe penapake nambalayo," anatero akazi awo, osakweza n'komwe mutu pa makina awo osokera.

"Mayi, inu munalemba penapake kuti ine ndine mwamuna wanu?"

"Masiku ena ndimalakalaka ndikanalemba."

"Nambala sailoweza ngati nyimbo ya ana," anatero a Chotsala. "Nambala imadziwika ndi khalidwe lake. Imeneyi ndaidziwa mpaka m'matumbo."

Panapita miyezi isanu ndi itatu bokosi lili phee, palibe amene analifuna.

Tsono tamverani. Mzime anali atatha zaka zitatu ali pakhomo chitsirizireni maphunziro ake a zoyeza madzi. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka wa papositi ankamupatsa moni womutchula dzina. Kenako kampani ina yoyeretsa madzi inamuimbira: abwere ku intavyu Lachinayi 2 koloko masana, atanyamula masatifiketi enieni, a fotokope akasiye kunyumba. Kampaniyo ili kutsidya kwa mzinda, ulendo wa ola lathunthu pa basi, basiyo itadzuka bwino.

Lachinayi 8 koloko m'mawa, Mzime anali atasita kale siketi yake, atapukuta nsapato. Anapeza bambo ake akumwa tiyi.

"Ababa, munditsekulire bokosi nditenge mapepala."

A Chotsala anamaliza tiyi wawo, anapukuta pakamwa, analowa kuchipinda, anagwada kutsogolo kwa wadiropu, anatambasula chala. Chala chinaima m'malere. Chinaima nthawi yaitali ndithu, mpaka ntchentche inabwera kudzatera pamenepo.

"Ababa, mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndikuidziwa bwinobwino. Kungoti timanambala take tachoka pang'ono."

"Ndiye kuiwalatu kumeneko."

"Mwana iwe, dikira. Khalidwe lake lonse lili m'mutu muno. Choyamba, imawerengeka chimodzimodzi, uyambire kumanzere kapena kumanja. Chachiwiri, imagawika ndi 11 popanda chotsala. Imeneyo ndiye mfundo yake yonyaditsa. Imagawikanso ndi 2, ndi 9. Nambala ya makhalidwe anayi oterewa siingabisale. Kanditengere choko."

Choko chinalipo, katoni yathunthu. Munthu wopuma pa uphunzitsi amachoka ndi zinthu ziwiri, choko ndi chifuwa. Bolodi ndi limene panalibe, ndiye anayamba kulemba pachitseko cha wadiropu. Mzime anatulutsa foni kuti awathandize kuwerengetsa. Anamuyang'ana ngati watulutsa ndudu m'tchalitchi.

"Kakyuleta m'nyumba ya ine? Bweza."

Analemba, anagawa, anabwereka, anatsitsa. Patatha mphindi makumi awiri anaima, n'kuvula magalasi.

"Zosangalatsa," anatero.

Inu mudziwe kuti a Chotsala akati zosangalatsa, ndiye kuti kwagwa tsoka. Anali atangotulukira kuti nambala iliyonse ya timanambala sikisi yowerengeka chimodzimodzi mbali zonse imagawika ndi 11. Iliyonse! Zonse 900, yabwino ndi yoipa yomwe. Mfundo yawo yonyaditsa ija inali ngati kukanena kupolisi kuti munthu wosowayo ali ndi khosi.

"Zaka makumi atatu," anatero motsitsa mawu, "ndipo palibe amene anandiuza."

"Ababa, 9 koloko yakwana."

Anatembenukira ku chitseko chachiwiri cha wadiropu. Pa 900 zija anachotsa zosagawika ndi 2, anachotsanso zosagawika ndi 9. Choko chinawayeretsa tsitsi, malaya, ngakhale nsidze. Anatsala ndi manambala 44, ndipo anauza Mzime nkhaniyi mokondwa ngati ndi mphatso.

"Mwaona? Kuchoka pa 900 kufika pa 44. M'kalasi ndikanadziwombera m'manja."

Akazi awo anafika pakhomo la chipinda, tepi yopimira ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Anayang'ana wadiropu imene anaigula ndi thukuta la madiresi a anthu, anayang'ana amuna awo, n'kulavulira mapini m'dzanja.

"A Chotsala, ndimuimbire mchimwene wanga abwere ndi makina ake."

Mchimwene wawoyo ndi wowotcherera zitsulo, ndipo kale anali mwana wa m'kalasi mwa a Chotsala, zaka ziwiri m'kalasi imodzimodzi. A Chotsala anaimirira n'kukonza kolala.

"Bokosi lotsekedwa ndi nzeru litsekulidwa ndi nzeru. Mlamu wanga uja samu yake yomaliza kukhoza inali yowerenga zala."

Mkwiyo umenewo unawathandiza. Pomwepo anakumbukira kuti tsiku lachitatu lija anagawanso nambala yawo ndi 7 kuseri kwa envulopu, ndipo inagawika mwaulemu. Zitseko za wadiropu zinali zitadzaza, ndiye anapitiriza pakhoma. Pofika 10 koloko, khoma linali ndi manambala asanu ndi awiri okha, atandandalikidwa bwino, aliyense atamulemba mzere kunsi: 252252, 279972, 414414, 666666, 801108, 828828 ndi 891198.

"Imodzi mwa izi ndi yanga," anatero. "Ndikaiona ndiizindikira."

"Mukuionatu, ababa."

"Ndikuizindikira pang'onopang'ono."

Anayamba ndi 279972, chifukwa ankati ili ndi chiuno. Bokosi linangoti pii, kanyali kofiira n'kuthwanima. Anayesa 891198, yomwe ankati ndi nambala yaulemu wake, yoti ikhoza kukhala tcheyamani wa komiti. Pii. Anayesa 801108. Apa bokosi silinatinso pii. Linakuwa! Inu, kabokosi kochepa ngati ndowa, koma mawu ake ngati a mayi amene amubera kachikwama pamsika. Agalu a mzere wonse anayankha. Linakuwa mphindi yathunthu, kenako linazimitsa nyali zake zonse n'kukhala duu.

Mzime anafufuza pa foni, bambo ake akuyang'ana kumbali kuti asaone tchimolo. Anawerenga mokweza kuti mabokosi a mtundu umenewu ukalakwitsa katatu amanyanyala ola lathunthu.

"Zinalembedwa pati zimenezo?"

"M'kabuku ka malangizo, ababa."

"Tichotse mabatire."

"Mabatire ali m'kati."

A Chotsala anagwedeza mutu moyamikira. Anati amene anapanga bokosili anali munthu wophunzira.

Ola lodikira ndi lalitali, ndipo munthu wonyada sakhala manja lende. A Chotsala anaganiza kuti ngati bokosi silitseguka, Mzime apite nalo ku intavyu momwemo, akawaonetse mabwanawo kuti masatifiketi alimo ndipo akusungidwa mosamala kuposa a wina aliyense. Anavula malaya, anakumbatira bokosi, anawerenga mpaka 3, n'kukoka. Mabawuti anayi aja, amene anawamanga okha ndi mtima wonse, anagwira ntchito yawo. Bokosi silinasunthe. Chimene chinasuntha ndi msana. Kunamveka kuti khwe, ndipo a Chotsala anapezeka ali chagada pa simenti, miyendo ili mu wadiropu, maso ali kudenga.

"Musandigwire," anatero mofatsa. "Ndikuganiza."

Kuyambira pamenepo ntchito inkayendetsedwa kuchokera pansi. Itakwana 11 koloko kanyali kanayakanso, ndipo Mzime ndiye anagwada pa mabatani, siketi yosita ija ikupukuta choko.

"Dina 828828. Imeneyo ndi yonenepa bwino, ndikuikumbuka."

Pii.

"Ndinatero dala kuti tiichotse. Dina 414414."

Pii.

"Ababa, yatsala imodzi lisanakuwenso. Muganize bwino."

Pakhoma panatsala 252252 ndi 666666. A Chotsala anatseka maso. Akazi awo, amene anali ataima pakhomo chigwirire tsaya, anawerenga khomalo n'kuona chimene chikubwera.

"Ya masikisi okhaokhayo simuidina m'nyumba mwanga muno. Ine ndimapemphera."

"Mayi, nambala ilibe chipembedzo."

"Imeneyo ili nacho."

Anadina 252252. Bokosi linakuwanso, agalu anayankhanso, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pazenera kufunsa ngati kwagwa zovuta. Anamuuza kuti ayi, ndi masamu chabe. Anapepesa n'kubwerera.

Tsopano a Chotsala anasangalala zenizeni, ali chigonere pansipo. Anafotokoza kuti ntchito yatha. Manambala anali asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi agwa, ndiye wotsalayo ndi yemweyo, afune asafune. Anati umenewu ndiwo ukoma wa masamu: sakusiya panjira. Anapempha pilo. Akazi awo sanawabweretsere pilo. Anatuluka panja n'kuimbira mchimwene wawo.

Itakwana 12 koloko, mayi ake a Mzime anakaima kumpanda, kutali ndi nyumba, kuti chilichonse chimene chituluke m'bokosimo chisawapeze m'kati. Mzime anadina sikisi kasanu ndi kamodzi.

Pii.

A Chotsala anayang'ana khoma, anayang'ana zitseko za wadiropu, anabwereza samu yonse m'mutu kuyambira pa 900, ndipo sanapeze polakwika paliponse. Samu inali yokhoza. Bokosi linali lotseka. Mzime anakhala pamphepete pa bedi, nsapato zopukuta zija zili pamiyendo, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu, misozi ikungogwera pachikopa cha nsapato. Apa a Chotsala anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ndipo anachita mantha. Mwanayu anamuona zaka zitatu akudzuka m'mawa kusesa pabwalo poti analibe kwina kopita, ndipo lero, tsiku limodzi lokha limene anthu anamuitana, amene anaima pakhomo ndi bambo ake omubereka. Anafuna kunena kuti pepa. Pakamwa panatuluka mawu akuti, "Mwina inali 13, osati 7."

Mzime anapukuta misozi pansapato ndi chikhatho.

Mlamu wawo anafika 1 koloko itatsala pang'ono, atavala ovolosi yobookabooka ndi moto, makina odulira zitsulo ali paphewa, waya akukwekwereza pambuyo. Anaima pakhomo, anayang'ana khoma lodzaza manambala, kenako anayang'ana pansi.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Kapena simunadzuke?"

"Dulani bokosilo, alamu," anatero a Chotsala, maso ali kudenga. Mawu amenewa anawapweteka kuposa msana.

"Muli chiyani?"

"Masatifiketi anga, amalume," anatero Mzime.

"Aa, ndiye ndikadula atuluka ali okazinga. Makina awa amalavula moto m'kati. Tadikirani kaye." Anaika makina pabedi, anawadumpha alamu ake mwaulemu, n'kugwada. "Alamu, tsiku loika nambala yanu, kabatani kofiira kakuseri kwa chitseko munakadina?"

"Kabatani kanji?"

"Basi."

Anatambasula chala chake chakuda, chokhala ndi chikhadabo chothyoka, n'kudina batani limodzi lokha kasanu ndi kamodzi. Ziro, ziro, ziro, ziro, ziro, ziro. Kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo chitseko chinatseguka chokha pang'onopang'ono, ngati chakhala chikudikira munthu woti achipatse moni.

"Mabokosi awa amachoka kufakitale ndi maziro," anatero mlamuyo, akupukuta chala pa ovolosi. "Ukapanda kudina kabatani kofiira, nambala yako silimva. Mumangolankhula nokha, alamu. Ine nambala iyi ndimaidziwa bwino. Munkandipatsa inu nomwe teremu iliyonse."

Mzime anali atalowetsa kale dzanja m'bokosi. Anatulutsa envulopu yake, anawerenga masatifiketi, anavala nsapato akudumphira mwendo umodzi. Nthawi inali 1 koloko ndi mphindi khumi. Mayi ake anamukuntha choko pasiketi, amalume ake anati amuperekeza panjinga yamoto mpaka pamsewu waukulu.

Koma a Chotsala anali atayamba kumwetulira pansi pomwepo. Anakweza chala.

"Taimani. Imani nonse. Maziro asanu ndi limodzi. Amawerengeka chimodzimodzi kumanzere ndi kumanja, si choncho? Ziro imagawika ndi 2. Imagawika ndi 9. Imagawika ndi 7, ndi 11, ngakhale ndi 13, popanda chotsala. Makhalidwe onse amene ndinanena, onse, alipo! Mayi, mwamva? Sindinalakwitse ngakhale limodzi."

Anayembekeza yankho. Chimene anamva ndi njinga yamoto ikulira panja, kenako geti likumenyetseka.

Masana onsewo anagona pa simenti. Akazi awo anabwera ndi beseni la madzi ndi kansanza, n'kuziika pambali pawo, kuti msana ukalola khoma liwapeze ali okonzeka. Makina osokera ankalira pakhonde mwaukali, ngati akusoka munthu. A Chotsala ankayang'ana wotchi yapakhoma. Itakwana 2 koloko anaona m'maganizo mwana wawo ali m'basi yoima pamzere wa magalimoto. Itakwana 3 koloko anamuona akubwezedwa pageti. Anayesa kudzitonthoza pogawa manambala m'mutu, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo manambala sanawakomere.

Mzime anabwera dzuwa litapendeka. A Chotsala anali atavalanso malaya n'kukwawira pampando wa pabalaza, atakhala mowongoka ngati mtengo wa magetsi. Anamva mapazi ake pakhonde, ndipo mtima unagunda mpaka msana unayankha. Mzime analowa, envulopu ili kukhwapa, nkhope yosawerengeka. Mayi ake anamutsatira, sizasi ili m'manja.

"Wafika nthawi yanji?" anafunsa mayi.

"Ndinachedwa ndi mphindi makumi awiri. Anandiika kumapeto kwa mzere."

"Ndiye?"

"Anandifunsa za madzi, ndinayankha. Anandifunsa za mankhwala, ndinayankha. Tonse asanu ofunsira ntchito tinayankha chimodzimodzi, ndinkaona pankhope za mabwanawo kuti atopa. Kenako bwana wamkulu, mayi wina wa magalasi, anati ali ndi funso lomaliza. Anati kuntchito kwawoko kuli mainjiniya akuluakulu, achikulire, odziwa zinthu. Ndiye anati, tiuzeni, mungatani mutagwira ntchito ndi munthu wamkulu amene akulakwitsa, nthawi ikutha, koma iye akutsimikiza kuti akukhoza?"

A Chotsala anakhosomola pang'ono.

"Anzanga aja akuti anayankha mawu awiri atatu," anapitiriza Mzime. "Ine ndinalankhula mphindi khumi ndi zisanu osapuma. Ndinapereka ndi zitsanzo. Bwana wina anagwetsa cholembera, wina anatuluka kukaseka panja. Mayi wa magalasi uja anangoti, mwana iwe wavutika mokwanira, ubwere Lolemba."

Mayi anaponya sizasi pampando n'kumukumbatira, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. A Chotsala anafuna kuimirira, msana unakana. Maso awo anadzaza misozi, ndipo anavula magalasi n'kunamizira choko. Anadikira mpaka phokoso litachepa, kenako anakonza kolala, n'kulankhula ndi mawu awo a m'kalasi.

"Anthu ena amakonzekeretsa mwana intavyu mwezi wathunthu," anatero. "Ine m'mawa umodzi wokha."

Anatambasula dzanja kuti alandire envulopu, akaibwezere pamalo otetezeka. Mzime analiyang'ana dzanjalo, analigwira ndi manja awiri mwaulemu wonse, analigwedeza, n'kupita ndi envulopu yake kuchipinda.